Sizasi ya Bakha ndi Mapiko a Tsekwe

Tsekwe ndi Bakha anali pachisuweni, ndipo anakulira limodzi m'dambo lina. Chimene chinawadanitsa ndi kalata. Dokowe, mkulu wa mbalame zonyamula apaulendo pamsana, analembera Tsekwe kuti abwere pakutha pa mwezi adzayesedwe mapiko. Akapambana adzavala chipewa choyera n'kumaulutsa mbewa ndi achule kupita maiko akutali.

Koma Tsekwe anali ndi mitima iwiri. Bambo ake anamusiyira chigayo chimene chinangokhala osagwira ntchito, ndipo iye ankalakalaka kuchidzutsa. Popeza ankakhulupirira aliyense, anapita kukafunsa msuweni wake.

Bakha kalata ija inali itamudwalitsa kale. Iye kuuluka kwake kunali kongodumpha mpanda basi. Akaganiza za Tsekwe atavala chipewa, akazi a m'dambo akumuimbira nthungululu, nsanje inkangomukulira.

"Asuweni, ndisankhe chiti?" anafunsa Tsekwe.

"Inu mukufuna kukhala bulu wa m'mwamba?" anatero Bakha akuseka. "Chule akukodzereni pamsana, inu n'kumati zikomo bwana? Chigayo n'chanuchanu, palibe wokutumani."

"Komatu kumwamba ndimakukonda. Bwanji ndigaye mwezi uno ndione, tsiku likakwana ndikayesedwe?"

"Nzeru zimenezo," anatero Bakha. "Koma lamba wa chigayo sacheza ndi mapiko aatali, amakoka. Onse a zigayo amayamba adula nthenga. Pakatha sabata ziwiri zimakhala zitamera."

Linali bodza. Nthenga zazikulu za m'mapiko zimamera kamodzi pachaka, ndipo Bakha ankadziwa bwino lomwe. Anathamangira kwawo kukatenga sizasi, Tsekwe n'kutambasula mapiko. Bakha anadula mbali zonse ziwiri akuimba kanyimbo.

Mwezi unatha nthenga osamera. Tsekwe anapita wapansi ku bwalo la Dokowe, thupi lonse mbuu ndi ufa.

"Tambasulani," anatero Dokowe. Anayang'ana n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, awa ndi mapiko kapena tsache lakutha?"

"Zimera, bwana. Mundidikireko."

"Apaulendo sadikira nthenga. Chaka chamawa mudzakhala mutapitirira msinkhu umene timatenga. Kakowa, bwera kuno, malo ndi ako."

Pobwerera Tsekwe anapeza Bakha akufukula nyongolotsi m'matope. "Asuweni, munkadziwa?" anafunsa.

"Aaa, musandinamizire," anayankha Bakha osadzutsa mutu. "Ine ndinangogwira sizasi. Mapiko munatambasula nokha."

Chigayo chinayenda ndithu, Tsekwe sanagone ndi njala. Koma Kakowa akamadutsa m'mwamba atanyamula apaulendo, Tsekwe ankalowa m'kati n'kuliza injini ngakhale mulibe chimanga. Bakha sanapindule kanthu, ngakhale madeya a m'chigayomo sanawalawe. Anakalambira m'matope momwemo, koma wokhutira, chifukwa msuweni wake naye ankayenda pansi.

Phunziro: Wansanje safuna kuti chako chikhale chake, amangofuna kuti nawenso ukhale wopanda. Ukaima panjira ziwiri, usafunse amene sangathe kuyenda njira imene akukuletsayo. Ndawaona ambiri otere, ena a magazi anga omwe, ndipo onse ankabwera akumwetulira.