Banja Limodzi la a Kapalamula

Atabwerera ku ntchito kuchokera ku tchuthi cha uchembere, Nasibeko anapempha bwana wake, a Kapalamula, kachipinda koti azifinyiramo mkaka wa khanda lake.

"Chipinda chanji?" anakalipa bwanayo. "Pano ndife banja limodzi, palibe chobisirana. Finyirani paliponse!"

Teni koloko itakwana, Nasibeko analowa mu ofesi ya bwanayo, nakhala pa sofa n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi.

"Mayi, mukutani?"

"Si paja ndife banja limodzi? Tagwirani botolo ili, amalume ake a mwana."

A Kapalamula anatuluka liwiro, nsapato imodzi itatsala pansi pa tebulo. Nasibeko anakhoma chitseko.

Patapita mphindi khumi, bwanayo anagogoda mwaulemu.

"Odi, mayi, mwatha?"

"Dikirani kaye, amalume. Ndangomaliza bere limodzi!"