Mayi Womupeza ndi Magazi a Sigele

Abale anga, pamsika wina wa kumapiri panali mayi wosoka zovala pakhonde la golosale. Mayiyu anakwatiwa ndi bambo wofedwa, ndipo m'nyumbamo anapezamo kamtsikana, dzina lake Sigele. Sigele anabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo mayi ake omubereka anamwalira iye asanayambe kuyenda.

Anthu ankadikira kuti aone nkhanza za mayi womupeza. Anadikira mpaka kutopa. Mayi uja ankamupatsa mwanayo mankhwala m'mawa uliwonse. Tsiku la kuchipatala likakwana, ankavundikira makina ake ndi chitenje, n'kumugwira dzanja, ulendo. Kumeneko ankamukweza pasikelo, chifukwa mwana akamakula mlingo wa mankhwala umasintha. Nthawi zina ankamutenga magazi kuti aone ngati kachilombo kakuchepa kapena kakuchuluka.

Sigele anakula, masaya phwii, khungu see. Atafika sitandade 5, azakhali ake anabwera kudzacheza, namuyang'ana akudumpha chingwe pabwalo.

"Mlamu, mwana wonenepa chonchi mukumubayitsiranji majakisoni? Musiyeni, anthu angayambe kutiloza zala."

"Alamu, maso anga amathera pakhungu," anatero mayi uja. "Za m'magazi sindiziona."

Bambo ake a mwana nawo anati azakhali akunena zoona. Mayi uja sanakangane nawo, koma tsiku litakwana anavundikira makina, napita.

Zotsatira zitatuluka, namwino anamuitanira pambali. Anati kachilombo kachuluka kwambiri, ndipo zikapitirira chonchi mankhwalawo adzasiya kugwira ntchito m'thupi mwa mwanayo. Anafunsa ngati Sigele akumwa bwino. Mayi uja anayankha kuti inde. Si iye yemwe ankamuika mankhwala m'manja tsiku ndi tsiku?

Pobwerera anafika pa mlatho wa mitengo. Pamenepo Sigele anayamba kulira, naulula yekha. Ankabisa mankhwala kunsi kwa lilime, n'kukalavula kuseri kwa bafa.

"Amayi, anzanga onse samwa. Ine sindikudwala. Ndimamweranji? Palibe amandiuza."

Apa mayi uja anali ndi njira ziwiri. Akanatha kuthyola kamtengo n'kumukwapula, ndipo palibe akanamudzudzula. Akanathanso kunena kuti, mwanayu si wanga, ndayesetsa, mutengeni eni ake. Mtima unamuwawa ndithu, pokumbukira madiresi a eni ake amene ankachedwa nawo chifukwa cha maulendo a kuchipatala. Koma anayala chitenje m'mbali mwa njira, namukhazika mwanayo pamiyendo ngati khanda, ngakhale anali wamkulu kale.

"Walakwa, mwanangu, koma ifenso takulakwira pokubisira. Mawa tibwerera limodzi, ndipo umva zonse."

Madzulo ake anawauza amuna ake mosapsatira, ndipo m'mawa anapita onse atatu. Mothandizidwa ndi mlangizi wa kuchipatala, anamufotokozera Sigele za kachilombo kamene anabadwa nako. Anamuuza kuti si tchimo lake, si temberero, ndipo akamamwa mankhwala mokhulupirika adzakula n'kuona zidzukulu. Sigele analira, bambo ake analira, mayi uja anangomugwira phewa osamusiya.

Masiku otsatira sanali ophweka. Tsiku lina mwana ankanyanyala, tsiku lina ankakana kudya. Mayi uja sankamulondera ngati wakuba. Ankangokhala naye pamkeka, kapu ya madzi pakati pawo, akucheza za kusukulu mpaka mwanayo atameza.

Patapita miyezi anakayezetsanso. Namwino anatuluka akumwetulira, nati kachilombo kachepa mpaka makina oyezera magazi sakukaonanso. Sigele anadumpha.

"Ndiye kuti ndachira, amayi?"

"Ayi, mwanangu. Kangogona. Ukasiya mankhwala kadzukanso. Tipitiriza, ndipo tidzabweranso kudzayezetsa."

Okondedwa mwa Ambuye, mayi uyu ndimamuchitira ulemu. Anakana kunyengedwa ndi masaya, ndipo choonadi chowawa chitatuluka sanamutaye mwanayo. Mulungu wathu amatikonda chomwecho. Ife timabwera muno titatchena, nyimbo pakamwa, anthu n'kumati uyu ndiye Mkhristu wathanzi. Koma mkatimu nsanje ikuswana, chidani chikuchuluka, ndipo mawu amene timalandira Lamulungu timakawalavula tisanafike n'kunyumba komwe.

Musaope kuyezedwa. Bwerani pamaso pa Mulungu kawirikawiri, mumulole aone zimene anzanu sangaone. Akapeza choipa sathyola mkwapulo. Amakukhazikani pansi, amakuuzani zoona, ndipo amakhala nanu mpaka mutameza. Ndipo inu amene mukulera ana onga Sigele, kaya munabereka kaya munawapeza, musatope ndi njira ya kuchipatala. Imeneyonso ndi ntchito ya Mulungu.