Ndaziona Anaitana Kambuku

"Tikangolowa pageti apa, m'katimu muli eni ake," anatero a Gwaza, mlonda wa nkhalango, mfuti ili paphewa. "Osatsika m'galimoto. Osaimirira. Koma chachikulu ndi ichi: pasapezeke woyerekeza kulira kwa nyama iliyonse. Muno mukaitana, amabwera ndithu. Mwamva?"

"Tamva!" anayankha ana onse.

Anali ana a m'mudzi woyandikana ndi nkhalango yosungirako nyama. Anakula akuona mpanda wamagetsi kuseri kwa minda yawo, koma m'kati anali asanalowemo. Tsiku limenelo akuluakulu a nkhalango anawatumizira galimoto yopanda mawindo, yongofolera ndi tenti pamwamba, kuti nawonso akaone zimene alendo amavutikira kuchokera kutali.

Pakati pawo panali Ndaziona, mtsikana wa sitandade sikisi, ndi mlongo wake wamng'ono Lameki, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Amayi awo pomutsazika Ndaziona anamuuza mawu ochepa: "Mwanayu ndakupatsa iwe. Umubweretse mmene wapitiramu."

Ndiye Ndazionayo ndikuuzeni. Anali ndi luso limene mudzi wonse unkalidziwa. Mbuzi za bambo ake zikasochera, iye sankathamanga nazo ngati anzake. Ankangotsina mphuno n'kulira ngati kamwana ka mbuzi kotayika, ndipo zazikazi zonse zinkabwera chothamanga, mabere akugwedezeka. Anthu ankamutama, ndipo matamandowo anamulowa m'mutu. Mwana akazolowera kuomberedwa m'manja, makutu amasanduka zokongoletsera chabe.

Galimoto inayenda pang'onopang'ono m'kamsewu kafumbi. Anaona njovu zikuthyola nthambi, njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, ndi agwape ambirimbiri. Koma ana ankafuna kambuku. Dzuwa litakwera, anayamba kung'ung'udza.

"Kambukuyo ali kuti, a Gwaza?"

"Alipo. Mwina akukuonani pano. Iye saoneka pofuna inu."

Mnzake wina anamugunda Ndaziona ndi chigongono. "Si uja umati palibe nyama imakukana? Muitane."

Ndaziona anatsina mphuno. "Meee! Meee!"

Ana anafa nacho chiseko. A Gwaza anatembenuka, nkhope ili gwaa.

"Ndani ameneyo?"

Maso onse anapita kwa Ndaziona.

"Mwanawe, m'nkhalango muno mulibe mbuzi. Wakumvayo sakudziwa kuti ukusewera. Usayambirenso."

"Pepani," anatero Ndaziona, koma anali pepani wapakamwa. Mumtima ankati akuluwa akungofuna kuopseza ana akumudzi.

Msewu unalowa m'mitengo yowirira, mmene dzuwa linkafika pansi mwa apo ndi apo. Ndaziona anawerama ngati akumanga nsapato, n'kuliranso, tsopano mwachisoni, monga kamalirira kambuzi kothyoka mwendo.

Ulendo uno anaseka ndi ochepa. Kumbuyo kwawo, chapatali, nyani anakuwa kamodzi. Wina anayankha. Kenako mbalame zonse zinaleka kulira, ndipo munangotsala phokoso la injini.

A Gwaza sanakalipe. Analankhula motsitsa, ndipo zimenezo n'zimene zinaopsa kwambiri.

"Wawamva anyaniwo? Sakuwa chabe. Aona chinthu chikuyenda, ndipo chikuyenda njira yathu yomweyi. Ndakupempha, mwana wanga, tseka pakamwa."

Lameki anakoka diresi la mlongo wake. "Achemwali, siyani. Ndikuopa."

"Mantha ngati nkhuku! Ukuona chiyani?"

Zoona, panalibe chooneka. Udzu wokha kumbuyoko unkagwedezeka, pomwe mphepo kunalibe. Ndaziona anauona, koma anadziuza kuti ndi njiri.

Atafika pakhwawa louma, galimoto inatitimira mumchenga. Dalaivala anaponda moto, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Anazimitsa injini. Bata limene linagwa pamenepo linali lolemera, moti aliyense ankamva kupuma kwa mnzake. Pamwamba pawo panatambalala mkuyu waukulu, nthambi zake zitaphimba khwawa lonse.

"Ine ndi adalaivala titsika tifukule," anatero a Gwaza. "Inu khalani pansi, manja m'kati. Ndipo iwe," analoza Ndaziona, "ndakuchenjeza kokwanira."

Kulozedwa chala pamaso pa anzake kunamuwawa. Wina ananong'ona kuti, "Wagwa nayo." Wina anaseka chapansipansi. Magazi anamuwira Ndaziona. Anaganiza zoti angolira kamodzi kokha, pang'ono, kuti anzakewo adziwe kuti iye saopsezedwa. Anadikira mpaka akuluwo atagwada kuseri kwa galimoto, akukumba ndi manja.

"Mee."

Tsamba limodzi linagwa kuchokera mumkuyu, n'kutera pabondo pake. Linatsatira lina. Ndaziona anasuzumira kunja kwa tenti, n'kukweza maso.

Kambuku anali pomwepo, atagona chafufumimba panthambi, pafupi moti ankatha kuona ndevu zake. Mchira wokha ndiwo unkayenda, uku ndi uku. Maso achikasuwo sankayang'ana iye ayi. Ankafunafuna kambuzi kamene kanamuitana mtunda wonsewo. Anayenda pa ana onse, mmodzimmodzi, mpaka anaima pa wamng'ono kuposa onse, amene anakhala kumapeto kwa mpando, kamkono kali panja.

Ndaziona anafuna kukuwa. Pakamwa pamene sipankatopa paja panakana kutulutsa mawu. Lameki ataona nkhope ya mlongo wake anayamba kulira, kulira kwa mwana wamng'ono, kopyapyala ndi konjenjemera.

Nthambi inagwedezeka.

Zotsatirazo zinachitika mofulumira kuposa kuphethira. Galimoto inapendekeka, tenti inang'ambika, fungo la chilombo linadzaza paliponse. Ana anagwerana akukuwa. Ndaziona anagwira mwendo wa Lameki ndi manja onse awiri, ndipo anamva mphamvu ina ikumukokera kunja, mphamvu yoti sangalimbane nayo. Anakakamirabe, akuitana amayi ake amene anali kutali. Mfuti inalira m'mwamba. Chilombo sichinasiye. Inaliranso, ndipo kukoka kuja kunatha.

Kambuku anagona pamchenga, osagwedezeka. A Gwaza anavula malaya n'kumanga phewa la Lameki. Ankalira munthu wamkuluyo, misozi ili chuchuchu.

"Nyama imeneyi ndailondera zaka zonsezi kuti opha nyama asaiphe," anatero osamuyang'ana Ndaziona. "Lero ndaipha ndekha. Sinalakwe kanthu. Inaitanidwa, n'kubwera."

Lameki anapulumuka. Anagona kuchipatala mpaka mvula inayamba, koma mkono wake wamanja sunadzukenso. Umangolendewera. Amayi ake sanamumenye Ndaziona, sanamukalipire n'komwe. Anangomuyang'ana pakhomo la chipatala n'kufunsa kuti, "Ndi mmene ndinakupatsira mwanayu?" Akanamukwapula bwenzi zitamupepukira. Ndaziona anapepesa mpaka mawu anasasa, koma pepani sapoletsa chilonda.

Chinanso chinatsala chimene madokotala sakanatha kusoka. Kunyumba, kambuzi kakangolira kukhola, Lameki ankathawira kunsi kwa bedi, n'kumayang'ana kudenga, akunong'ona kuti, "Akubwera, akubwera." Ndaziona ndiye ankakwawira komweko kukamukumbatira, ndipo mwanayo ankamukankha ndi mkono wotsalawo. Mapeto ake bambo awo anachotsa mbuzi zonse pakhomo. Khola lilipobe, lopanda kanthu, ndipo mpaka lero Ndaziona akamadutsa pansi pa mtengo waukulu amafulumiza miyendo.

Tsono inu ana, mvetsetsani. Wamkulu akakuletsani chinthu, sikuti akudana ndi kuseka kwanu. Iye waona udzu ukugwedezeka pamene inu simunaone kanthu. Mukamva "usatero" koyamba, lekani pomwepo, musadikire kachiwiri. Chifukwa chilango cha kusamvera sichisankha wolakwa. Nthawi zina chimakudumpha iwe wosamvawe, n'kukagwera kamwana kamene unapatsidwa kuti ukasunge.