Ahedi Akhetsera Thukuta Malata

Kalasi itasasuka denga, makolo analonjeza kupereka K500 nthawi iliyonse ahedi, a Chikadza, akazungulira bwalo la mpira.

Tsiku litakwana, ahedi anaitana mphunzitsi Nankhoma.

"Muthamanga ndinu m'dzina langa. Mukakana, ndikusamutsani pasukulu pano."

"Chabwino bwana. Ndingowadziwitsa makolo."

Nankhoma anatenga chimkuzamawu. "Makolo, ndimati ndiwathamangire ahedi athu, koma andikalipira! Akuti malata a ana awo awakhetsera thukuta okha, ndi suti yomwe!"

Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Amayi anawanyamula ahedi mpaka poyambira.

Atazungulira kachitatu, tayi ali kumsana, lilime lili panja, anapeza Nankhoma atakhala pampando wawo pamthunzi, akuwawerengera.

"Limbikani bwana," anatero Nankhoma. "Apa mwangogula misomali."