Mchere Umene Unasowa M'kanyumba Komata

Kalekale, pamwamba pa phiri lina, panali mudzi umene nkhungu inkafikako m'mawa n'kuchoka masana, tsiku lina osachoka n'komwe. Anthu ankamvana mawu asanaonane nkhope. Mbuzi zinkaoneka ngati zikuyandama, mitengo ngati ilibe mizu, anthu ngati akuyenda m'tulo. Madzi analipo, nkhuni zinalipo, koma mchere kunalibe.

M'mudzimo munali mtsikana dzina lake Mwatitha. Makolo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo anamulera ndi mkulu wake, Ndaziona. Ndaziona anamubereka kumsana, anamuphunzitsa kusinja, anakana amuna onse omufunsira kuti mwanayo akule kaye. Mwana anakula, koma amuna aja sanabwerenso.

Chaka china kunafika Kachingwe, mnyamata wa kuchigwa, wophika mchere. Anakonda Mwatitha, nayenso Mwatitha anamukonda. Koma Kachingwe sakanatha kukhala pachikamwini, poti dothi la mchere lili kuchigwa. Anapempha kuti atenge mkaziyo apite naye kwawo.

Atsibweni a Mwatitha, a Chikaonda, anati, "Ubwere ndi dengu lodzaza mchere, abale onse alawe. Ukatero mwanayu upita naye."

Kachingwe anatsika phiri, anaphika, anakweranso atasenza dengu la mchere woyera kuti mbee. Abale ena anali kutali, choncho denguli analiika m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa nyumba ya Ndaziona. Kanyumbako kanalibe zenera. Chitseko anachimanga ndi luzi, anachimata ndi dothi, ndipo a Chikaonda anasindikiza dzanja lawo padothi lonyowalo.

Patapita masiku, abale atasonkhana, onse anapita kukanyumba kaja. Dzanja la a Chikaonda linali pomwepo, zala zonse zikuoneka. Anaswa dothi, anadula luzi, anakankha chitseko. Dengu linali pamalo pake, koma mkati munalibe kanthu.

Anayang'ana pansi, panalibe phazi. Anayang'ana khoma, linalibe bowo. Anayang'ana denga, udzu unali bwinobwino. Pansi pa dengu panali ponyowa, koma m'mudzi umenewo n'chiyani chinali chouma?

"Muno simunalowe munthu," anatero a Chikaonda.

"Ndiye mchere watuluka wokha?" anafunsa wina.

Mayi wina wachikulire anayankha, "Mchere umamvera mwini wake. Wauitana ndi mankhwala kuti atenge mwana wathu chabe."

Kachingwe anati, "Ine mankhwala sindiwadziwa. Ndimadziwa dothi, madzi ndi moto."

Palibe anamumvera. A Chikaonda anati, "Mawa nkhungu ikamachoka, nawenso uchoke. Usadzapondenso kuno."

M'mawa mwake Mwatitha anatuluka, mtima uli wolemera. Nkhungu inali itakuta chilichonse. Anayenda osadziwa kumene akupita, mpaka anamva kaphokoso kuseri kwa kanyumba kaja. Anapeza mbuzi zitapanikizana patsinde pa khoma, zikunyambita dothi, zikunyambita, zikunyambita. Anaziingitsa, zinabwerera. Anagwada, anakanda dothilo ndi chala, analawa. Munali mchere.

Anakweza maso. Pakati pa khoma ndi denga panali kampata kongolowa chala. M'udzu wa dengalo munabisidwa bango lalitali, loboola mfundo zake zonse, lonyowa. Pamenepo anakumbukira. Masiku onsewo mkulu wake ankapita kuchitsime mobwerezabwereza nkhungu isanachoke, koma mtsuko wa kunyumba sunkadzaza.

Anatenga bangolo n'kupita nalo. Anapeza Ndaziona akupeta mapira pakhonde.

"Achemwali, bango ili n'landani?"

Ndaziona anasiya kupeta. Anayang'ana bangolo nthawi yaitali.

"N'langa."

"Munkathira nalo madzi m'dengu?"

"Pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse. Nkhungu inkandibisa."

"Chifukwa chiyani, achemwali? Munthu uja amuthamangitsa ngati mfiti."

"Zoti amutcha mfiti sindinaziganize," anatero Ndaziona. "Ndinkangofuna kuti ukwati uchedwe. Ukapita iwe, ndidzaitana ndani m'mawa? Ndidzakalipira ndani? Ndilibe mwamuna, ndilibe mwana, ndili ndi iwe."

Mwatitha anabwera ndi mkwiyo, koma mkwiyowo unamuthera m'manja. Anakhala pansi pambali pa mkulu wake. Kenaka anati, "Ine sindikakunenani. Koma nkhungu ikuyamba kuchoka, ndipo munthu uja akumanga katundu."

Anasiya bango pakhondepo, nathamanga. Anapeza Kachingwe ali kale panjira.

"Imani. Mchere ukalowa m'dothi, umafa?"

"Sufa. Umangobisala."

"Mungautulutse?"

"Mundipatse madzi ndi moto."

Mwatitha anapempha atsibweni ake kuti aitane anthu. Kachingwe anakumba dothi la pansi pa dengu. Analiika mumphika woboola pansi, anathira madzi, madziwo anakhera mumphika wina. Anaika pamoto. Madzi anawira, anawira, anaphwa, ndipo pansi pa mphika panayera. Anthu anaika zala, analawa, anayang'anana.

A Chikaonda anati, "Mwana iwe, takulakwira. Mchere sunapite kulikonse. Koma madzi analowa bwanji muno, chitseko chili chomata?"

Mwatitha anayang'ana pansi. Ndiye mu nkhungu yotsalayo munatuluka Ndaziona, bango lili m'manja.

"Ndine, atsibweni. Ndinaopa kutsala ndekha."

Ena anayamba kung'ung'udza, koma a Chikaonda anakweza dzanja. Kenaka anati, "Tinamusiyira mwana ali mwana iyenso, ndipo palibe anamufunsa kuti zikuyenda bwanji. Mlanduwu suli pa iye yekha. Ndaziona, mchere wotsala uutulutsa ndiwe."

Ndaziona anakumba, anatunga, anasonkha moto. Mchere sunabwerere wonse, koma m'bale aliyense analawa. Atamaliza anapita kwa Kachingwe, anagwada, napepesa.

Kachingwe anati, "Dzukani, alamu. Tiyeni tonse kuchigwa. Malo alipo."

Ndaziona anapukusa mutu. "Manda a amayi ali kuno. Koma muzimulola azibwera."

"Azibwera. Nanenso ndizibwera, ngati mundiphikira."

Tsiku la ulendo Ndaziona anasenza yekha katundu wa mng'ono wake mpaka patsinde pa phiri. Pamenepo anatula, anamukonzera nsalu paphewa, nati, "Pita, usacheuke. Ukacheuka ndikutsata."

Mwatitha anayenda pang'ono, nacheuka ndithu. Mkulu wake anali chiimire, akuseka, misozi ili m'masaya. Sanamutsate.

Inu omvera, chikondi chikasakanikirana ndi mantha chimavulaza anthu osalakwa. Ndiponso chinthu chikatizunguza mutu, tisathamangire kuloza mlendo. Apa nthano yanga yakhala pansi kuti ipume. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, yapsa.