Nyundo Yatsopano m'Chigayo cha Kamwendo

Panali munthu wina, dzina lake Kamwendo, amene anali ndi chigayo pamphambano ya misewu. Chigayocho chinali chomvera. Chikangolira, amayi a kutsidya kwa mtsinje ankadziwa kuti nthawi yosenza mphale yakwana.

M'kati mwa chigayo mumakhala nyundo zachitsulo zimene zimazungulira n'kumaphwanya chimanga. Tsiku lina imodzi inathyoka. Kamwendo, pokhala munthu wodzidalira, sanaitane aliyense. Anagula nyundo imodzi yatsopano, yonenepa bwino, naiika pakati pa zakale zodyekadyeka zija, n'kutseka.

Kuyambira tsiku limenelo chigayo chinayamba kunjenjemera. Malata ankalira, mabeseni ankayenda okha pansi, khoma linachita mng'alu. Kamwendo ankamanga mabawuti mpaka sipanala inamutulutsa matuza, koma pofika masana amakhala atamasukanso. Anathira simenti ina pamiyendo ya chigayo, nayonso inasweka ngati chigoba cha dzira.

Ndiye mukuwadziwa anthu akwathu. Beseni likayenda lokha, safunsa za zitsulo. Anayamba kunong'onezana kuti Kamwendo waikamo chizimba, ndipo chizimbacho chikufuna munthu. Amayi analeka kubwera, naletsa ana awo kudutsa pamenepo. Kutchalitchi benchi yonse inkakhala yake yekha. Chimene chinkamuwawa kwambiri si khoma ayi, koma dzina lake limene linkafa mwiniwake ali moyo.

Safunsa anadya phula. Zitamukwana, anakaitana mayi Nachisale, makaniko wa kuboma. Mayiwo sanakhudze bawuti ngakhale imodzi. Anapempha kapu ya madzi, naiika pamwamba pa chigayo, nauza Kamwendo kuti alize chigayocho. Madzi anadumpha, kapu n'kugwa. Kamwendo atazimitsa, mayiwo anachotsa nyundo zonse, nabwereka sikelo kwa wogulitsa nyama. Anaziyeza imodziimodzi pamaso pa khamu limene linabwera kudzaona mfiti ikugwidwa.

"Chizimba chanu ndi ichi, bambo," anatero mayiwo, akukweza nyundo yatsopano ija. "Ikulemera kuposa inzake ya mbali inayo. Ikamazungulira imakokera chigayo kwake, uku ndi uku, osapuma. Kusiyana kwake n'kochepa, koma liwiro ndi limene limakukulitsa."

Anaika nyundo zolemera mofanana, iyi kuno, inzake uko. Anathiranso madzi m'kapu muja, naibwezera pamalo pake. Chigayo chinalira, madzi ali phee. Kamwendo anakhala pathumba la gaga, mtima utakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'mwezi wathunthu. Anaseka mpaka misozi. Mayi wina amene ankatsogolera miseche ndiye anali woyamba kutula dengu lake, uku akunena kuti iye zimenezo sanazikhulupirirepo.

Inu amene mukundimva, pakhomo panu pakamagwedezeka musathamangire kumata khoma, kapena kuloza chala mnansi. Zimitsani kaye, mutsegule m'kati, muyeze. Mwina mbali imodzi yalemera: wina akusenza zonse, mnzake akungozungulira wopanda kanthu. Mabawuti mungamange mpaka manja atatupa, koma chosalingana m'kati sichimva sipanala.