Awiri Andisenze, Mmodzi Apume

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la dzana lomweli pamene msewu wa ku Mwalawoyera unali usanathiridwe phula, kunali bambo wina dzina lawo a Kamtedza. Anali mtsogoleri wa kwaya pa tchalitchi cha m'mudzimo, ndipo mawu anali nawo. Akayambitsa nyimbo pamaliro, ngakhale aja ongobwerera chakudya ankalira nawo. Akazi awo anali atatsogola kale, n'kuwasiyira ana atatu: Ndaziona woyamba, Dziwani wachiwiri, ndi Zione mzime.

Chilema chawo chinali mchere. Ndiwo asanalawe n'komwe, dzanja linali litafika kale m'kambale ka mchere.

Chaka china kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Ankayenda khomo ndi khomo, kumanga anthu kachipangizo pamkono n'kumayeza kuthamanga kwa magazi. Atawayeza a Kamtedza, mayi amene ankatsogolera gululo anapukusa mutu.

"Bambo, magazi anu akuthamanga koopsa. Mukapanda kusamala, tsiku lina mtsempha wa mu ubongo udzatsekeka kapena kuphulika, ndipo mudzafa ziwalo. Sitiroko imene mumamva ija ndi imeneyo. Chepetsani mchere, ndipo piritsi ili muzimwa tsiku ndi tsiku."

A Kamtedza anaseka. "Mayi, ine palibe pamene pakundiwawa. Munthu wabwinobwino ndizimwa mankhwala ngati ndalakwanji?"

Koma Ndaziona anamva, ndipo mawuwo anawasunga. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munayambika nkhondo. Mchere anaubisa kudenga, bambo anaupeza. Anaubisa munkhokwe, bambo anayamba kupempha kwa anansi, iye n'kumawalondola khomo ndi khomo kuwaletsa. Pa chakudya chilichonse panali mlandu.

"Iwe mwana, ndiwo izi waziphika kapena wazichapa?"

"Idyani, ababa. Ndiwo zosakolera sizinaphepo munthu."

"Ukufuna ndife ndi njala kuti utenge nyumbayi!"

Mwezi ndi mwezi Ndaziona ankayenda wapansi kupita ku chipatala chaching'ono kukatenga mapiritsi, nthawi zina n'kungouzidwa kuti atha, abwerenso. M'mawa uliwonse ankaimirira ndi kapu ya madzi mpaka ataona kuti piritsi lamezedwadi, chifukwa bambowo anali ndi luso lolibisa kutsaya. Mbiri inawanda m'mudzi yakuti mwana wa a Kamtedza ndi wouma mtima, ndipo sadziwa kukoleretsa ndiwo. Anyamata amene ankafuna kudzafunsira anatembenukira kumakomo ena. Zaka zinapita chonchi, anzake akubereka ana kumbuyo, iye akulimbana ndi kambale ka mchere. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti zikomo, poti anthu ankangoona bambo wathanzi ndi mwana wovuta.

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. M'mawa wina nthawi ya dzinja, a Kamtedza akuyeseza nyimbo pakhonde, buku linagwa m'manja. Pakamwa panakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja linalendewera, mawu n'kusanduka phala. Anthu anathamangirako, ndipo woyamba kulankhula anali ang'ono a bambowo, a Likisho.

"Iyi ndi hamala! Awamenya ndi hamala yamatsenga achimwene anga. Tiyeni nawo kwa sing'anga, apa zachipatala palibepo."

Dziwani anali wa kabaza, ndipo njinga yakeyo ndi imene inkadyetsa mkazi wake ndi ana. Anali atamva achemwali ake akubwereza mpaka kutopetsa: pakamwa pakakhota, dzanja likagwa, mawu akasokonekera, musadikire, thamangani.

"Abambo aang'ono, mundikhululukire, lero lokha sindikumverani," anatero.

"Ukakafera nawo kumeneko, malirowo udzaika wekha!"

Dziwani anawakweza bambo ake pa njinga, n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje ngati khanda. Mvula inali itagwa, msewu uli matope okhaokha. Atafika pa mtsinje anapeza mlatho utakokoloka. Njinga anaisiya pomwepo, n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno atabereka munthu wamkulu. Tsidya linalo anaterereka, bondo linalira kuti khwa, koma sanawatsitse. Anafika pachipatala akukoka mwendo.

Dokotala atamaliza ntchito yake anatuluka n'kumuuza kuti, "Mwachita bwino kuthamanga. Matenda awa ali ngati moto wa pa udzu, wochedwa amapeza phulusa. Mukanayamba mwazungulira kwina, bwenzi tikukamba za bokosi. Komanso amene wakhala akuwamwetsa mapiritsi aja mukamuthokoze. Pakanapanda iye, izi zikanabwera kalekale, ndipo sakanadzuka."

Pobwerera, njinga ija sanaipeze. Bondo silinachirenso. Dziwani anayamba kuyendera maganyu uku akutsimphina, ndipo achibale a bambo ake anasiya kumupatsa moni chifukwa ananyoza akulu pamaso pa anthu.

A Kamtedza anabwerera kunyumba ali moyo, koma moyo wake umenewo, ine sindingaufunire munthu. Mbali yonse yakumanja inali itafa, ndipo mawu anali atapita. Munthu amene ankagwedeza tchalitchi tsopano ankalephera kupempha madzi. Zione anali kusekondale, ndipo aphunzitsi ankati mutu wake ukamufikitsa patali. Anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa sutikesi.

Ankawatembenuza kuti asatuluke zilonda. Ankawadyetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Ankawasambitsa, mwana wamkazi kusambitsa bambo ake, amayi a pachitsime akugwira pakamwa kuti malaulo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi sopo kudzamulandira. Anazika nsungwi kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi kuti bambo azigwirira, ndipo ankawayendetsa phazi ndi phazi monga anamuphunzitsira a zolimbitsa mafupa. Ankawapanitsa chitsononkho m'dzanja lakufalo kuti azifinya. Masiku ena bambowo ankachitaya kutali n'kuyamba kulira, iye n'kukachitola.

Tsiku lina akusesa pabwalo, Zione anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Atafika pakati anamva mawu kumbuyo kwake akumalizitsa mzerewo, mawu enieni, omveka. Tsache linagwa. Atakawauza achipatala, anamufotokozera kuti m'mutu mwa munthu kulankhula ndi kuimba zimadutsa njira zosiyana, ndipo nthawi zina ina ikatsekeka inayo imatsala. Kuyambira pamenepo Zione ankaimba chilichonse. Madzi ankawafunsa moimba, chimbudzi moimba, ndipo bambo ankayankha moimba, mawu okoka ndi opunduka amene iye yekha ndiye ankawamva. Anzake analemba mayeso n'kupita. Iye anaonda, maso analowa, ndipo ngakhale kutulo ankalota akutembenuza munthu.

Patapita zaka, a kafukufuku aja anabweranso. Mayi uja anakhala pakhonde n'kufotokoza kuti kuchipatala chachikulu akuyesa njira yatsopano yophunzitsira dzanja ndi lilime la anthu ofa ziwalo, ndipo malo a munthu mmodzi alipo.

"Sitikulonjeza kuti achira, n'chifukwa chake timati kafukufuku. Koma mwina dzanjali lingagwirenso supuni, mwina angalankhulenso. Akakhala kumeneko dzinja lonse, ndipo pakufunika gadiani wowasamalira. Dziwaninso kuti matendawa amatha kubweranso, ndiye musatayirire."

Ugadiani mukuudziwa inu: kugona pa simenti, kuphika pa utsi pamodzi ndi anthu osawadziwa, kudya zimene akumudzi atumiza. Ndiye kuti mmodzi apite ndi bambo, wina atsale kulima munda wa bambowo n'kumatumiza ufa. Mlendo atachoka, ana atatu aja anatsala pakhonde ndi bambo awo. Sanakangane ayi. Mphamvu zokanganira zinali zitatha kale.

A Kamtedza anawayang'ana mmodzimmodzi. Anaona imvi zoyamba pamutu pa Ndaziona, anaona bondo lotupa la Dziwani, anaona mikono ya Zione yoonda ngati ya nkhalamba. Misozi inatsikira mbali yamoyo ya nkhope yawo. Kenaka anaimba, mokoka, ndipo Zione anamasulira mutu uli pansi.

"Akuti alibe ng'ombe, alibe chuma choti atithokoze nacho. Chimene angapereke n'chimodzi. Awiri awasenze, mmodzi apume. Osati kupuma kwa sabata ayi. Apite akayambe moyo wake, asadzaitanidwenso, ndipo pasapezeke womunena."

Ndaziona ndiye anayamba, mawu ali pansi. "Ine ndinayamba nonsenu musanadziwe kuti kuli matenda. Ndatukwanidwa zaka zonsezi chifukwa cha mchere. Pano pali mphunzitsi wina, mkazi wake anamwalira, wandifunsira, ndipo akumusamutsira kutali mvula ikangoyamba. Wanena kuti sadikira. Msinkhu wanga mukuuona. Ndikaphonya apa, mwana sindidzamunyamula."

Dziwani anatambasula mwendo wake. "Achemwali, sindikukana. Koma ine ndinataya njinga, ndinataya bondo, ndinataya abale. Ku esiteti andilonjeza ntchito ya pageti, yokhala pansi, koma akufuna ndipite mwezi uno. Mayi a ana anena kuti ndikalimanso munda wa ababa pomwe wathu uli thengo, atenga ana azipita kwawo. Khasu ndi bondo ili sizikugwirizananso."

Zione ndiye anatsiriza. "Ine ndilibe zambiri zonena. Asisitere a ku mishoni ati chaka chino n'chomaliza kundisungira malo kusukulu. Koma ngakhale sukuluyo itapanda kukhalapo, ine ndatopa. Ndimawakonda ababa, Mulungu akudziwa, koma ndatopa mpaka m'mafupa. Masiku ena ndikamva akuyamba kuimba ndimafuna kuthawira kuthengo."

Apa ndiye pamene nkhaniyi imanditopetsa nanenso. Akapita Ndaziona, ndani adzalimbe mtima kuwakaniza mchere bambo wolira, ndani adzayang'ane kutsaya ngati piritsi lamezedwa? Awiri enawo ndi ofewa mitima, ndipo matenda aja akungodikira pakhomo. Akapita Dziwani, tsiku limene pakamwa padzakhotenso ndani adzaime pamaso pa a Likisho, ndani adzabereke munthu kuwoloka naye mtsinje? Akapita Zione, a Kamtedza adzaimba kuti akufuna madzi, anthu n'kumawafunditsa bulangeti, chifukwa chilankhulo chawocho chili ndi womva mmodzi yekha pa dziko lonse.

Ndipo musandiuze kuti asinthanesinthane, kapena kuti onse atsale. Mphunzitsi uja, geti lija ndi sukulu ija zonse zikutseka mwezi womwewo. Akakana onse mphatso ya bambo awo, ataya onse atatu, ndipo bambowo adzafa akudziwa kuti anadya ana awo onse.

Tsiku la ulendo linafika. Galimoto ya chipatala inaima pamsewu, dalaivala akuliza hutala. A Kamtedza anakhala pampando pakhonde atavala jekete lawo la kwaya, kathumba kali pamiyendo, chitsononkho chili m'dzanja. Khasu linali litatsamira khoma, mkeka wa gadiani utakulungidwa pambali pake. Ana atatu anaimirira pabwalo, aliyense akuyang'ana pansi.

Tsono inu mwamvetseranu, poti nanunso muli ndi makolo ndipo tsiku lina mudzakhala pampando umenewo: wina anyamule mkeka, wina anyamule khasu. Pakati pa amene anachedwetsa imfa, amene anaithawitsa ndi amene anabweza moyo, ndani achoke pabwalopo chimanjamanja kuti akapume?